Masokosi Amene Sindinaike M'dengu Lofiira

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amayi, ndipo anaipeza ali m'kati mosambitsa munthu. Amayi amayendera odwala m'makomo mwawo. Chaka chimenecho mmodzi mwa odwala awo anali bambo wina wachizungu wa ku Evington, dera la mzinda uno wa Leicester ku Mangalande, a Ken, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Akazi awo, Mayi Brenda, ankagwirabe ntchito pa fakitale yaing'ono yoluka masokosi, ngakhale msinkhu wopuma anali ataupitirira kale. Tsiku lina, akupatsira amayi thaulo, anadandaula kuti mtsikana amene ankayendera masokosi wachoka, wapita ku Corby kukalongedza makatoni m'zinyumba zosungiramo katundu, ndipo palibe wachinyamata amene akufuna malo ake.

Amayi anati, "Ndili naye wanga. Salankhula, koma maso ali nawo."

Ndinali nditangomaliza mayeso a kusekondale, holide yaitali ili patsogolo. Zimene ndikulemba pano ndazitenga m'kope langa la chikuto chachikasu. Ndimalembamo m'Chichewa chifukwa ngakhale nditaliiwala pa desiki kusukulu, palibe angaliwerenge. Mawu a azungu ndinkawalemba m'Chichewa momwemo, ndipo ndawasiya choncho.

M'mawa wa tsiku loyamba amayi anandiimika pakhomo n'kundikonza kolala. "Ukafike pa taimu, foni m'chikwama. Ndipo mayi amene aja ndi aakulu kuposa ine. Usakandichititse manyazi, Tiyamike."

Basi inanditsitsa pa msewu wa zinyumba zazitali za njerwa zofiira, zonse zofanana, zonse zinali mafakitale kale. Ina anaisandutsa nyumba zogona anthu, ina tchalitchi, ina malo olimbitsira thupi. Zambiri zinangokhomedwa matabwa m'mawindo, ndipo pa chumuni cha ina panamera kamtengo. Pa mapolo a magetsi panali mbendera za dziko lino zimene wina anamangirira, mvula itazisukulutsa. Fakitale yathu inali m'chipinda chapamwamba cha nyumba yomaliza. Pansi pake munalibe munthu. Pokwera masitepe ndinkamva mapazi anga okha, kenako pang'onopang'ono phokoso la makina.

Makina oluka analipo makumi awiri, m'mizere iwiri. Amene ankazungulira anali asanu ndi atatu okha. Otsalawo anaphimbidwa nsalu zoyera mpaka pansi, ndipo mphepo ikalowera pa windo losweka nsaluzo zinkagwedera. Sindinkakonda kudutsa pakati pake.

Sokosi imapangidwa chonchi. Ulusi wa ubweya wa nkhosa umachokera pa mipukutu imene ili pamwamba pa makina n'kutsikira mu chitsulo chozungulira chodzaza singano. Singano iliyonse ili ndi kambedza kumutu ndi kalilime kamene kamatseka ndi kutsegula. Singano ikakwera imakola ulusi, ikatsika imaukoka kudutsa m'kadiso ka ulusi kamene kanalipo kale, ndipo timaso timeneti, tokolowekana ngati maso a ukonde, ndiye sokosiyo. Ikatha imagwera m'chitini, koma kuzala kuli kotseguka. Kutseka kumeneko ndiyo inali ntchito ya Mayi Brenda. Ankakhala pansi pa nyale, patsogolo pa chimbale chachitsulo chozungulira pang'onopang'ono, chokhala ndi timano m'mphepete. Kadiso kalikonse ka pamwamba pa phazi ankakavalika pa dzino lake pamodzi ndi kanzake ka kunsi, kamodzikamodzi, osadumpha, chimbale chikuyenda. Makina ena ang'ono ankadutsitsa ulusi m'timaso timeneto. Sokosi yotsekedwa choncho ilibe msoko wokanda zala.

Akatseka, masokosi ankachapidwa, n'kuvekedwa pa miyendo yachitsulo yoimikidwa chadodolido, mapazi kumwamba, n'kulowetsedwa mu nthunzi kuti awongoke. Kenako ankafika kwa ine. Ndinkapisa dzanja mu sokosi iliyonse mpaka kuzala, n'kutambasula zala pafupi ndi nyale, kuyang'ana chidendene, kuyang'ana kuzala, kenako kupeza inzake yofanana kutalika. Ziwirizo ndinkazimanga ndi kalebulo ka pepala. Pa kalebulopo panali mbendera, ndi mawu onena kuti zapangidwa ku Mangalande, kuzala kwalumikizidwa ndi manja.

Pansi pa tebulo langa panali dengu lofiira. Mayi Brenda anandionetsa tsiku loyamba lomwelo.

"Chilichonse chimene sichikukusangalatsa, ponya umu. Usaganize, usakonze, ponya. A Iqbal amabwera kudzaona kawiri pa tsiku. Wamva, bakha wanga?"

Anthu achikulire a ku Leicester amatchula aliyense bakha. Ndinagwedeza mutu, maso ali pansi.

"Ndipo dzina langa ndi Brenda. Brenda basi."

Zimenezo ndinalephera. Pakamwa ndinkazemba kutchula dzina lawo, ndipo m'kope ndinkalemba Mayi Brenda.

A Iqbal anali makaniko, bambo wa imvi, wachimwenye, wa ovolo yabuluu. Tsiku lachiwiri, ndikudya mkate wanga pakona, anaima pambali panga n'kunena m'Chichewa, "Mwadzuka bwanji, achemwali?" Anabadwira ku Limbe, bambo awo anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo anabwera kuno ali mnyamata. Chichewa chawo chinali chakale, cha m'sitolo, koma chinali Chichewa. Kuyambira pamenepo ankanditchula mwana wa kwathu.

Nthawi ya tiyi tinkakhala pa mabenchi pafupi ndi ketulo, ndipo nkhani inali imodzimodzi tsiku lililonse.

"Mzinda uno unkaveka dziko lonse," ankatero Mayi Brenda. "Ndili mtsikana, belu loweruka likalira, msewu uwu unkadzaza akazi mpaka basi kulephera kudutsa. Ukakangana ndi kapitawo m'mawa, masana wayamba kale ntchito khomo linalo."

"Madzulo wakangana nayenso kapitawo wa kumeneko," ankatero a Iqbal.

"Inu khalani chete. Munabwera zinthu zitayamba kutha."

"Ndiye mukuti ndinazithetsa ndine?"

"Ndikuti munachedwa."

Ankaseka onse awiri, koma Mayi Brenda sankachedwa kusiya. "Mdzukulu wanga ali ku Corby. Amanyamula katoni apa kukaika apo, zili m'katimo sazidziwa. Dziko limene silipanga kanthu ndi dziko lanji? Tatsala ndi mbendera, nazonso amakasokera kunja."

Tsiku lina a Iqbal ananyamula kalebulo kamodzi n'kundiuza m'Chichewa, "Taona, mwana wa kwathu. Makina a ku Italy, makaniko wa ku Limbe, woyendera wa ku Zomba. Mbendera imodzi."

"Akuti chiyani?" anafunsa Mayi Brenda.

Atawamasulira, iwo anandiloza ndi supuni. "Waima pati iwe?"

"Pa Leicester," ndinayankha motsitsa.

"Basi. Zapangidwa kuno."

Mawu amenewo ndinawalemba m'basi pobwerera, n'kuwadula mzere kunsi.

Mwini fakitale anali a Colin, mdzukulu wa amene anaiyambitsa. Anali munthu wofatsa, woyenda mofulumira ngati pali chimene waiwala. Ogula aakulu anali atatsala amodzi, sitolo ina ya ku London yogulitsa zinthu zopangidwa m'dziko muno zokhazokha. Makina asanu ndi atatu aja ankazungulira chifukwa cha oda ya sitolo imeneyo. Kumapeto kwa sabata yachiwiri, ndikudutsa ndi katoni pakhomo la ofesi, ndinamva a Colin akulankhula pa foni.

"Palibe wina wodziwa kulumikiza. Ndafufuza mpaka ku Derby. Maso a Brenda akadzatha, mawu a manja aja tidzawachotsa pa lebulo. Tikadzawachotsa, a ku London alibenso chifukwa chogulira kwa ife."

Lolemba lotsatira ndinapeza kabowo koyamba. Inali sokosi yobiriwira modera, ndipo kabowoko kanali kuzala, pafupi penipeni ndi pamene Mayi Brenda analumikiza. Kanali kochepa ngati njere ya mawere. Kadiso kamodzi kanali katapulumuka. Ndinakweza maso. Mayi Brenda anali atavula magalasi, akutikita zikope ndi chala.

Dengu lofiira linali pafupi ndi phazi langa. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali.

Kwathu munthu wamkulu sauzidwa pagulu kuti walakwa. Ndinakula ndikuona amayi kutchalitchi: duku la mayi wachikulire likapendekeka, amalikonza podutsa osanena kanthu, mwini wake osadziwa n'komwe. Mlendo wamkulu akataya tiyi, mwana amapukuta n'kupepesa ngati wataya ndiye. Amayi amanena moseka kuti wamkulu salakwa, amangoiwala. Ndinaganiza kuti ndikaponya sokosi ija m'dengu, a Iqbal adzaiona, a Colin adzaiona, ndipo zidzakhala ngati ndaimirira pakati pa fakitale n'kulengeza kuti Mayi Brenda ayamba khungu. Ndinaganizanso za a Ken pa bedi lawo, ndi za nsalu zoyera zija.

M'kabati ya tebulo langa munali kambedza kokolera timaso ndi singano yosokera, zimene mtsikana wochoka uja anasiya. Kusoka ndinkadziwa. Ndinakola kadiso kopulumukako, ndinakabwezera m'malo, ndinakamangirira m'kati ndi ulusi wa mtundu womwewo, n'kudula mfundo pafupi kwambiri. Kunja sikunkaoneka chilichonse. Ndinamanga lebulo, sokosi inalowa m'katoni.

Tsiku limenelo zinalipo ziwiri. Mawa lake zinayi. Ndinkasoka manja ali pansi pa tebulo, ndipo m'basi ndinkalemba m'kope: lero zobiriwira zitatu, maso awo atopa. Lero zobiriwira zisanu, ulusi wodera ukuwavuta. Ndinkadziona ngati ndikuchita chinthu chabwino. A Iqbal akabwera kudzasuzumira m'dengu ankapeza lopanda kanthu, kapena muli sokosi imodzi yothimbirira mafuta.

"Zonse zili bwino, mwana wa kwathu?"

"Zili bwino, bambo."

Zinatero masabata atatu.

Lachinayi la sabata yachisanu kunabwera mayi wogula wa ku London, kudzaona katundu asananyamulidwe ndi kudzakambirana za oda ya chaka chamawa. A Colin anatiuza dzulo lake. Tinasesa, tinapukuta mawindo, ndipo iwo anavala tayi. Kunja kunkagwa mvula yamawawa, m'fakitale munali mdima masana, nyale zonse zoyaka. Mayiyo anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, waulemu, wosekerera. Anaima nthawi yaitali kumbuyo kwa Mayi Brenda, anajambula manja awo ndi foni, anati sanaonepo chinthu chokongola chotero. Kenako anafika pa mulu wa makatoni pafupi ndi tebulo langa n'kuloza imodzi ya pakati.

"Tingatsegule iyi?"

Inali ya zobiriwira.

Anadula lebulo. Sanayang'ane kunja ngati mmene ndinkachitira ine. Anaitembenuza sokosi, m'kati kukhala kunja, n'kuyendetsa chala chachikulu pa mzere wa kuzala. Yoyamba anaiika pambali. Yachiwiri anaiika pambali. Pa yachitatu chala chinaima. Anaibweretsa pafupi ndi nyale yanga. Ndinkamva fungo la mvula pa jekete lake. Anatsegula zina, mwakachetechete, ndipo pa tebulo langa panakhala masokosi anayi otembenuzidwa, aliyense ndi kamfundo kake.

"Izi zasokedwa pambuyo," anatero. Kusekerera kunali kutatha. "Tinagwirizana masokosi opanda chilema. Akachapidwa kawiri, mfundo izi zidzamasuka, ndipo adzabwerera ku sitolo ali ndi mbendera pa lebulo. Ngati manjawo akudumpha ndipo wina akuphimba, ndiuzeni lero. Kuli mafakitale akunja amene akundipempha oda imeneyi mwezi ndi mwezi."

A Colin sanandiyang'ane ine. Anatembenukira kwa Mayi Brenda.

"Brenda, munalonjeza kuti nthawi ikadzakwana mudzandiuza."

Mayi Brenda anaimitsa chimbale chawo. Anabwera, anatenga sokosi imodzi, anaiyang'ana ndi magalasi, kenako popanda magalasi.

"Kusokaku si kwanga," anatero. "Koma bowolo lili pa mzere wanga." Anayang'ana manja awo, kunsi ndi kumwamba, ngati a munthu wina. "Sindinamve kuti ndikudumpha, Colin. Ngati ndafika podumpha osamva, ndiye kuti yakwanadi."

Anayamba kumasula chingwe cha epuloni kumbuyo.

Chingerezi chonse chinandithawa. Ndinatembenukira kwa a Iqbal, amene anaima pafupi atagwira sipanala, n'kunong'oneza m'Chichewa, "Bambo, ndine."

Anandiyang'ana. "Unene m'Chingerezi, mwana wa kwathu. Mwini nkhani si ine."

Ndinanena. Poyamba palibe anamva chifukwa cha makina, ndinachita kubwereza. Ndinati ndinasoka ndine, palibe anandituma, palibe ankadziwa.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa a Colin.

Apa ndi pamene panandiwawa koposa. Mawu amene ndinawabisa masabata atatu kuti asamveke kwa munthu mmodzi, ndinayenera kuwanena pamaso pa anthu onse, ndi mlendo yemwe.

"Ndinkaganiza kuti maso awo atopa. Sindinkafuna kuti achotsedwe."

Dzanja la Mayi Brenda linali likadali pa chingwe cha epuloni. Ndinaona kuti kuulula kwanga sikunawathandize konse. Ndinangotsimikizira zimene ankaopa.

"Zingati?" anatero a Colin. "Kuyambira liti?"

Ndinati zonse ndinalemba. Ndinatulutsa kope lachikasu m'chikwama n'kuyamba kuwerenga ndikumasulira, ndikudumpha mawu a maso aja. Lolemba, zobiriwira ziwiri. Lachiwiri, zobiriwira zinayi. Lachitatu, zobiriwira zitatu.

"Taima," anatero a Iqbal. "Zakuda?"

Ndinatsegula masamba. "Palibe."

"Zabuluu? Zotuwa?"

"Palibe. Zobiriwira zokha."

A Iqbal anayenda kudutsa pakati pa nsalu zoyera mpaka pa makina a nambala sikisi n'kuwazimitsa. Zobiriwira zonse zinkalukidwa pa makina amenewo okha, ine sindinkadziwa. Anachotsa ulusi, anayatsa tochi, n'kuyamba kuzunguza chitsulo chija ndi dzanja, akukhudza kalilime ka singano iliyonse ndi nsonga ya chala. Tonse tinangoima. Mvula inkagunda pa windo. Mayi wa ku London anayang'ana wotchi kamodzi, koma sanachoke. Patapita nthawi ndithu a Iqbal anazula singano imodzi ndi pulayala, anabwera nayo pa chikhatho n'kuiika pansi pa nyale yanga.

"Kalilime kakhota," anatero. "Makina akamazungulira mbali imodzi kamatseka bwinobwino. Akafika kuzala amabwerera m'mbuyo ndi kutsogolo, ndiye pamenepo nthawi zina kamakana, kadiso n'kugwa. Mzere umodzi pamwamba pa mzere wa Brenda. Sokosi imodzi yokha ikanandifika m'dengu, ndikanasintha singano iyi tiyi asanazizire."

Mayi Brenda anatenga singanoyo, anakankha kalilime ndi chikhadabo, kanakana. Anamanganso epuloni.

"Zakuda bii sindinadumphe," anatero, akuyang'ana ine, "ndiye ndikadumphe zobiriwira?"

Anabwerera pa mpando wawo n'kuyatsa chimbale.

Mayi wa ku London anati zobiriwira zonse satenga, zinazo atenga. Za chaka chamawa anati akakambirana kaye ndi akuluakulu ake. Anapatsa a Colin dzanja, anatsika masitepe, ndipo tinamva chitseko chapansi chikumenyeka m'nyumba yopanda anthu ija.

Ndinkadikira kuuzidwa kuti nditenge chikwama. A Colin anaima patsogolo pa dengu lofiira, analikankha pang'ono ndi nsapato.

"Dengu likakhala lopanda kanthu masabata atatu, woyenera kudabwa ndinali ine," anatero. "Utsegule makatoni onse a zobiriwira. Sokosi iliyonse uitembenuze. Ya mfundo, umu."

Ndinagwira ntchito imeneyo masana onsewo ndi Lachisanu lonse. Dengu linadzaza, ndinakhuthula, linadzazanso. Mayi Brenda sanandilankhule. Nthawi ya tiyi anamwera pa mpando wawo, atatifulatira, ndipo palibe anatchula za mzinda umene unkaveka dziko.

Amayi anamva nkhaniyi kwa a Ken ndisanawauze. Loweruka m'mawa, akusita yunifomu, anati, "Ulemu ndinakuphunzitsa ndine, sindikukana. Koma duku ndi duku. Ife kuntchito tikaona kachilonda pamsana pa wodwala timaripota tsiku lomwelo, kaya mwini wake akwiya. Ukangofunditsa shiti, chimawolera m'kati." Anatembenuza yunifomu. "Ukudziwa chimene chawapweteka mayi aja? Si zoti unawaganizira khungu. Akuti masabata atatu unkawamwetulira m'mawa uliwonse uku ukuwamvera chisoni. Akuti chiyambire ntchito palibe anawamverapo chisoni." Kenako anawonjeza motsitsa, "Komabe nanenso pa msinkhu wakowo ndikanasoka."

Lolemba ndinafika msanga. Mtolo woyamba wa masokosi unali kale pa tebulo langa, otuwa. Ndinapisa dzanja mu yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Mu yachinayi munali kabowo. Sikanali mzere umodzi pamwamba. Kanali pa mzere weniweniwo wolumikiza, kadiso kamodzi kosavalikidwa pa dzino. Ndinayang'ana kawiri. Uku sikunali kulakwa kwa singano.

Mayi Brenda anali atawerama pa chimbale chawo. Ndinaponya sokosi m'dengu lofiira, kenako ndinaitolanso. Ndinayenda nayo mpaka pa mpando wawo. Mtundawo ndi mapazi khumi okha, koma m'kope ndinalemba kuti unali wautali kuposa msewu wonse wa mafakitale.

"Apa mwadumpha," ndinatero.

"Sindikumva. Makina akusokosa."

"Apa mwadumpha kadiso kamodzi."

"Ndani wadumpha?"

"Inu. Brenda."

Anaimitsa chimbale, anatenga sokosi, sanaiyang'ane n'komwe.

"Ndadumpha dala," anatero. "Khala pansi, bakha wanga."

Ndinakhala pa katoni pambali pawo. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi epuloni nthawi yaitali.

"Lachinayi lija, pamene ndinkamasula epuloni, sindinkachita sewero. Ndinakhulupirira. Ukudziwa chifukwa chake? Madzulo nyale iyi imayamba kuoneka ziwiri. Sindinauze Colin, sindinauze Ken. Sindinayambe kudumpha, koma tsikulo likubwera." Anavalanso magalasi. "Likadzafika, sindikufuna kudzamva kwa mtsikana wa ku London. Ndikufuna kudzamva kwa iwe, tsiku lomwelo, mokweza ngati mmene wanenera apa. Ungathe?"

Ndinati ndingathe.

"Ndiye sendera kuno. Ika chala apa. Kadiso ka pamwamba, kadiso ka kunsi, dzino limodzi."

Kuyambira tsiku limenelo, mphindi zochepa tisanaweruke, ankandiphunzitsa kulumikiza. Ndimachedwa kwambiri. Sokosi imene iwo amatseka ndisanamalize kupuma katatu, ine imanditengera nthawi ya tiyi yonse.

Yankho la ku London linabwera sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa. Anapereka oda ya theka la chaka, yocheperapo, zobiriwira mulibe. A Colin sanandinenepo kanthu, ndipo sindidzadziwa ngati ikanakhala yathunthu ndikanapanda kusoka. A Iqbal anaphimba makina a nambala sikisi ndi ena awiri. Ndinawathandiza kukoka nsalu mpaka pansi. Anati, "Tikuwateteza ku fumbi chabe, mwana wa kwathu," koma anathira mafuta pa singano zonse asanaphimbe.

Pano ndili kusukulu ya makalasi omaliza okonzekera yunivesite, ndipo basi yanga imadutsa msewu womwewo. Nyumba yoyandikana ndi fakitale yathu aikhoma chikwangwani choti ikugulitsidwa. Kamtengo ka pa chumuni kakula. M'mawa uliwonse ndimakhala mbali ya windo kuti ndione ngati nyale ya m'chipinda chapamwamba yayaka. Mpaka lero ikuyaka.

Chimene ndinatengako n'chochepa, ndipo ndinachilemba pa tsamba lomaliza la kope lachikasu. Ndinkayesa kuti ulemu ndi kubisira munthu wamkulu chilema chake. Koma pobisa ndinali nditaweruza kale ndekha kuti chilemacho n'chawo, osawafunsa, ndipo singano yokhota inapitiriza kuzungulira. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale khutulo likhale la munthu wa imvi.

Loweruka lililonse ndimapitabe kukayendera masokosi. Ndimapisa dzanja mpaka kuzala, ndimatambasula zala pafupi ndi nyale, ndiponso ndimatembenuza m'kati kukhala kunja. Mzere wa Mayi Brenda ukadali wosalala. Sokosi iliyonse ndimailowa ndi mantha kuti mwina ndi imeneyi. Ikadzakhala imeneyo, mawu ake ndikuwadziwa, mtunda wake ndi mapazi khumi, ndipo ndidzanena mokweza kuposa makina amene adzakhale atatsala.